Nyimbo ya Ba Namasiku Inali Isanathe

Ku Maramba, m'tauni ya Livingstone, mukafunsa nyumba ya Ba Namasiku, palibe amene angakuuzeni nambala. Amangoti, "Pitani chabe so, mukamvela monga munthu aphwanya mbale, ni pamene apo." Amanena piyano. Anthu opanda ulemu! Mayi aja anayamba kuliza chinthu chimenechi ambiri a iwo asanabadwe, koma mpaka lero akuti n'kuphwanya mbale.

Ba Namasiku ndi mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, wosaseka pachabe. Ntchito yawo ndi kusita. Anayamba ali mtsikana ndipo akusitabe mashiti ndi mapilokesi pa loji ina ya kufupi ndi bwalo la ndege, kumene alendo odzaona mathithi amagona n'kusiya nsalu zili makwinya okhaokha. Lamlungu amaliza kiyibodi ku tchalitchi. Amuna awo, Ba Mwiinga, anali dalaivala wa takisi, ndipo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana dzina lake Chabota, ali ku sekondale. Mukafunsa aneba, moyo wa mayiwa wathera pomwepo. Za nyimbo ija aneba sadziwa kanthu, amangodziwa phokoso lake.

Piyano inabwera chonchi. Mayi awo, Ba Mbololwa, ankachapa ku Highlands, kumayadi, kwa mphunzitsi wina wachikulire, Ba Annette, amene ankaphunzitsa piyano ana a mabwana. Namasiku ankapita nawo kukathandiza kusita, ndipo thabwa lositirapo ankalikokera dala pafupi ndi zenera. Tsiku lina Ba Annette anamupeza akugogoda thabwalo ndi zala zonse, nsimbi ataiiwala pa malaya a eni nyumba. Malaya anapsa. M'malo momuthamangitsa, Ba Annette anamukhazika pa mpando wa piyano, ndipo kuyambira pamenepo ankamuphunzitsa ana olipira aja akapita.

Panali nyimbo ina imene Ba Annette ankaliza okha, chitseko atatseka. Inalibe mawu. Ankaitcha etyudi, kutanthauza nyimbo yolembedwa kuti ilimbitse zala za woliza, ndipo anailemba mzungu wina amene anafa kalekale. Koma amene anailembayo sankaganiza za zala zokha ayi, munthuyo anali atapsa mtima. Nyimboyo siipereka moni. Imayamba ndi dzanja lamanja kumenya kamodzi ngati munthu wamenyetsa chitseko, kenako lamanzere limauyamba ulendo, kuthamanga kuchokera pakati mpaka pansi penipeni pa makiyi, kukwera, kutsikanso, osapuma. Pamwamba pa liwiro limenelo dzanja lamanja limaika mawu ochepa, olemera, apataliapatali, mmene amalankhulira munthu amene mkwiyo wamufika pakhosi koma sakufuna kukuwa. Simungaivine. Simungaing'ung'udze mukutsuka mbale. Pakati imayesa kufatsa, imalephera, n'kuyambanso kulusa. Ikamayandikira kumapeto imatsika, imatsika, mpaka imangoti zii. Chete ameneyo analembedwa pa pepala, ndi mbali ya nyimbo. Woliza amakweza manja m'mwamba, amadikira mpaka omvera ayambe kuopa, ndiyeno manja onse awiri amagwa pamodzi, kugubuduka mpaka pansi, n'kumenya komaliza. Mukachotsa chete uja ndi kugwa kuja, zonse zam'mbuyo zimasanduka kuthamanga kopanda kolowera.

Namasiku anapempha kuti amuphunzitse imeneyo. Ba Annette anatenga dzanja lake, analitambasula pa chikhatho chawo, n'kuseka.

"Iyi si yako, mwana wanga. Manja yako ni yang'ono. Iwe uziimba za kuchalichi, uzankhala bwino."

Ananena mokoma mtima, ndipo n'chimene chinawawa. Bola akanamutukwana. Mtsikana uja anabweza dzanja lake, analibisa m'khwapa, ndipo mawuwo sanawaiwale mpaka imvi.

Patapita zaka Ba Annette anatengedwa ndi ana awo kupita kunja, atakalamba zedi. Piyano inali yolemera, panalibe woifuna, choncho anasiyira Namasiku, amene panthawiyo anali atakwatiwa. Inabwera ku Maramba pa lole, ndipo kuti ilowe m'nyumba anachita kuzula felemu ya chitseko, Ba Mwiinga akung'ung'udza kuti anakwatira mkazi mmodzi koma alowetsa awiri. Mu mpando wake munali mapepala a nyimbo. Etyudi ija inali momwemo.

Kuyambira pamenepo m'nyumba muja munakhala lamulo. Ba Namasiku akaweruka, miyendo itatupa ndi kuimirira, sankayamba ndi mbaula ayi. Ankalowa kuchipinda kwa piyano, n'kutseka. Manja analidi ang'ono, Ba Annette sananame. Pamene ena amangotambasula zala, iwo ankachita kudumpha, ndipo kudumpha pa liwiro lotero osaphonya si masewera. Mzere umodzi unkawatengera miyezi. Ankaubwereza, kuubwereza, mpaka aneba kumenya khoma ndi mpini wa tsache. Koma tsiku lililonse, kaya zayenda kaya zakanika, ankatsiriza ndi mapeto aja, kutsika, chete, kugwa. Akamenya komaliza m'pamene ankatuluka kukaphika. Ba Mwiinga anazolowera kudya mochedwa. Chabota anakula atadziphimba pilo kumutu, ndipo ali ku sekondale anauza mayi ake m'maso muli gwa kuti nyimbo imeneyo amadana nayo kuposa malungo.

Tsiku limene anaidutsa yonse osaphonya, kuyambira pa chitseko chomenyetsa mpaka pa kugwa, mutu unali utayamba kale kuyera. Anatuluka kuchipinda thukuta lili kamukamu. Ba Mwiinga anali kumanda. Chabota anali kwa mnzake. Panja panali nkhuku za aneba.

Ndiye anayamba kufuna chinthu chimodzi basi: anthu akhale pansi, atseke pakamwa, aimve yonse kamodzi kokha. Kodi n'chinthu chachikulu chimenecho? M'tauni muno n'chachikulu. Anapempha abusa kuti aiimbe pa tsiku la zokolola. Abusa anafunsa kuti mawu ake amati chiyani, ndipo atamva kuti ilibe mawu anati, "Manje Mulungu azamvela chani?" Ku loji kuli piyano yonyezimira imene ntchito yake ndi kunyamula maluwa. Anapempha manijala, ndipo iye anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka ku duku n'kunena kuti alendo amafuna nyimbo zozizira zoti azilankhulirapo. Zozizira! Ba Namasiku anabwerera ku mashiti awo, ndipo tsiku limenelo nsimbi inaona zakuda.

Kenako inabwera nyamakazi. Inayambira pa chala chapakati cha dzanja lamanzere, dzanja lomwe lija la liwiro, ngati inachita kutumidwa. M'miyezi yozizira zala zinkadzuka zitauma, ndipo ankazimiza m'madzi ofunda asanagwire ngakhale kapu. Kuchipatala anawapatsa mapilisi n'kuwauza mosabisa kuti matendawa sabwerera m'mbuyo. Chaka chimenecho etyudi inkatheka m'nyengo yotentha yokha, ndiponso kamodzi patsiku. Akaiyesa kachiwiri chala chinkapindika n'kukana kuwongoka. Anadziwa okha kuti dzinja likadutsa, n'kubweranso kuzizira, basi yapita.

Chaka chomwecho Chabota anabwera ndi mnyamata, Mulemwa, wonyamula katundu ku bwalo la ndege, munthu wofatsa wa makolo a kumudzi wa Mukuni. Pa msonkhano wa komiti ya ukwati Ba Namasiku sanalimbane ndi aliyense za keke kapena mtundu wa madiresi. Ananena ziwiri zokha. Ukwati ukhale mu Okutobala, ndipo piyano yawo ipite ku holo. Anthu anadandaula kuti Okutobala wa ku Livingstone amasungunula ndi phula lomwe. Ba Mervis, mnzawo wa kutchalitchi amene anali metironi wa ukwatiwo, anawanong'oneza kuti, "Mwandi, simungaimbeko chabe ka kwaya kamozi ka bwino?" Ba Namasiku anawayang'ana, ndipo Ba Mervis anayamba kukonza duku lawo. Chabota anangoti, "Balekeni ba mami bachite," nkhope ili kumbali.

Panatsala munthu mmodzi woti amugwire pakhosi, Titus, woyendetsa mwambo. Titus ndi mnyamata wa suti zowala amene maukwati onse a m'tauni amamulimbirana, ndipo chimene amamukondera n'chakuti salola holo kuzizira. Kuno pa ukwati chete ndi manyazi. Pakangoti zii pang'ono, anthu amayamba kunong'onezana kuti banja ili ndi louma, komiti yalephera, mwina akuchimuna sakukondwa. Ntchito yonse ya Titus ndi kupha chete asanabadwe. Ba Namasiku anamulondola mpaka pa shopu ya mlamu wake n'kumuimika.

"Titus, mvela. Nyimbo yanga ili na pamalo pamene iima. Izankhala zii. Sikuti yasila, siinathe. Usakambe, usaombe m'manja, DJ wako asagwile chilichonse mpaka nitseke piyano. Wamvela?"

"Ah, ba mami, musade nkhawa, ine ni Titus," anatero, foni ili kukhutu, dzanja lina likupatsa moni munthu wodutsa.

"Bwezela vamene nakamba."

"Zii, ba mami. Zii. Namvela."

Tsiku linafika, lotentha mmene ankafunira. Piyano inakwera kalole ka kantala m'mawa, anyamata akuitukwana pa sitepe iliyonse, ndipo anaiika kutsogolo pafupi ndi tebulo la akwati. Chabota anakhala pamenepo mu diresi yoyera, maso pansi. Alangizi anali atamuuza mobwerezabwereza kuti mkwatibwi sayang'ana anthu, saseka mano onse, salankhula, kuopa kuti akuchimuna anganene kuti atenga mkazi wa m'kamwa. Mwambo unayenda, mizere inavina, keke inadulidwa. Ba Namasiku sanadye. Anali kuseri kwa khitchini, manja ali m'beseni la madzi ofunda, akupinda ndi kuwongola chala chija.

Titus anawaitana ndi mawu ambirimbiri, akuti mayi wa mkwatibwi ali ndi sapulaizi. Anthu anaombera, akuyembekeza nyimbo ya kutchalitchi yoti alandire. Ba Namasiku anakhala pa mpando, anapukuta manja pa chitenje, n'kumenya.

Mwana wina analira. Agogo ena a ku Mukuni anagwetsa foloko. Dzanja lamanzere linauyamba ulendo wake, ndipo holo yonse inadzidzimuka, chifukwa palibe ankadziwa kuti bokosi lakale lija lingatulutse mkokomo wotero, kapena kuti mayi wosita mashiti angalichititse zimenezo. Ba Mervis anadzuka kuti aimbe nthungululu, anafunafuna poti aponde, anasowa, n'kukhalanso pansi. Anyamata a kumbuyo amene ankaseka analeka. Operekera zakumwa anaima ndi mathireyi m'manja. Chala chinkawawa ngati alowetsamo singano, koma chinkamvera, kudumpha kulikonse kunkagwera pamalo pake. Pamene nyimbo imayesa kufatsa, Ba Namasiku anamva ndi khutu limodzi kuti m'holo mulibe akulankhula, ngakhale mmodzi. Anthu a ku Livingstone, pa ukwati, atatseka pakamwa! Anakukuta mano n'kulowa m'chigawo chomaliza. Nyimbo inatsika, inatsika, inangoti zii. Anakweza manja m'mwamba.

Titus anali pakhomo. Anali atatuluka nyimbo itangoyamba kukayankha foni za ukwati wa Loweruka linalo, ndipo zimene anauzidwa pa shopu paja zinatulukira khutu lina tsiku lomwelo. Chimene anamva ali pakhomo ndi holo yake, holo ya Titus, ili chete. Anathamanga ngati nyumba ikupsa.

"Eeeeh! Manja, manja, manja kuli ba mami! DJ, tiye nayo!"

Masipika anaphulika. Anthu, amene mitima inali m'mwamba osadziwa chochita, anamasuka onse pamodzi. Nthungululu, malikhweru, mipando kugwa. Azimayi anathamangira kutsogolo akuvina kukafupa, wina anawaponyera chitenje pamapewa, wina akuwapukuta thukuta ndi kansalu, ndipo Ba Mervis, misozi ili mbwembwembwe chifukwa cha kunyadira mnzawo, anagwira dzanja lamanzere lija lili m'mwamba, n'kulifinya ndi mphamvu zonse akuligwedeza kuti anthu alione. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mtima woipa. N'chimene chimapsetsa mtima kwambiri, chifukwa ukalipira ndani? Anawononga ntchito ya moyo wonse akumwetulira. Ba Namasiku anakuwa kuti "Nilekeni!" koma m'phokoso lija anthu anaona ngati akuimba nawo.

Amene anaimirira ndi mkwatibwi. Mulemwa anayesa kumugwira diresi, anaphonya. Chabota anadutsa pakati pa ovina, velo ikukokeka pansi, anafika pa tebulo la DJ n'kuzula chingwe kukhoma. Masipika anafa. Anatembenuka, maso ali pa anthu onse, akuchimuna ndi alangizi omwe, n'kukuwa ndi mawu amene anamveka mpaka kumsewu.

"Sinasile! Nyimbo sinasile! Nkhalani pansi monse! Ba Titus, imwe, nkhalani pansi!"

Alangizi anagwira pakamwa. Azakhali a Mulemwa anayang'anana. Koma anthu anakhala, mmodzimmodzi, ovina aja akubwerera chammbuyo, ndipo Titus anakhala pa kreti ya zakumwa, maikolofoni ili pamiyendo.

Chete anabweranso, koma sanali yemwe uja. Ba Namasiku anadziwa zimenezo kuposa aliyense. Chete wa m'nyimbo amabadwa ndi liwiro lonse lam'mbuyo, ndipo uyu anali chete wa anthu ochita manyazi. Kuti zikhale bwino anayenera kuyambiranso pachiyambi. Anayang'ana dzanja lamanzere. Chala chapakati chinali chitapindika kale, chikugunda, ndipo atayesa kuchiwongola pa bondo chinakana. Panalibe zoyambiranso, lero kapena chaka chamawa. Mkwiyo umene unawakwera panthawiyo sanaumvepo chibadwire, ngakhale tsiku la Ba Annette, ngakhale tsiku la manijala. Anachotsa chitenje pamapewa, anachiponya pansi, anakweza manja, n'kuwagwetsa. Zala zinayi za kumanzere zinagwira ntchito ya zisanu. Mkokomo unagubuduka mpaka pansi pa makiyi, ndipo kumenya komaliza kunagwedeza matambula pa tebulo la akwati. Anatseka piyano.

Palibe anaomba m'manja. Ankaopa. Patapita kanthawi Titus anafunsa ndi timawu tating'ono, osagwiritsa maikolofoni, "Manje yasila?"

"Yasila," anatero Chabota, n'kubwerera pa mpando wake, maso pansi ngati palibe chachitika.

Mvula inabwera, kenako kuzizira, ndipo dzanja linachita zimene kuchipatala ananena. Lero Ba Namasiku amaliza nyimbo za kutchalitchi ndi dzanja lamanja, lamanzere likungothandiza ndi zala ziwiri. Anthu akamawayamikira kuti pa ukwati paja anaimba zodabwitsa, amayankha kuti, "Simunaimvele," n'kupitiriza ulendo. Ba Mervis anapepesa mpaka kutopa, ndipo amapatsidwa moni wa pakamwa pokha. Titus akawaona pamsika amawolokera tsidya lina la msewu. Akuchimuna anailankhula nkhani ya mkwatibwi wozula chingwe mpaka Khirisimasi, koma Mulemwa akaikumbuka amangoseka.

Loweruka lina masana Chabota anabwera ku Maramba kudzacheza, ali ndi pathupi poonekera. Anapeza mayi ake atakhala pa mpando wa piyano, chivundikiro chili chotseka, akusisita chala. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko, pamalo pamene ankakhala ali mwana. Ba Namasiku anali ndi funso limene linawavuta miyezi yonseyi, ndipo analifunsa mokalipa, chifukwa njira ina yofunsira saidziwa.

"Iwe, unaziba bwanji kuti sinasile? Si ndiwe unali kuvala pilo kumutu? Si ndiwe unakamba ati uizonda kuchila maleliya?"

"Nikali kuizonda," anatero Chabota. "Koma pilo siletsa chilichonse, ba mami. Ninali kunkhala pano pa chitseko, niyembekeza paja pa zii. Mukagwetsa manja, ninali kuziba ati manje muzatuluka, muzaniona."

Ba Namasiku anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma anasowa womukalipira. Anayang'ana chitseko, anayang'ana mwana wawo atakhala pansi ndi mimba yake. Kenako anadzuka, anamufunsa chimene mtima wake ukufuna kudya, n'kutuluka kukasonkha mbaula dzuwa likadali pamutu.